Che Selemani ndi Kompyuta ya M'chitini

Amalawi onse amene adakhalapo ku Silverton, mumzinda wa Pretoria, zaka zimenezo amakumbukira khalidwe limodzi la malemu Che Selemani: sankapereka moni asanakhudze katundu wa mwininyumba. Akangolowa pakhomo ankapita molunjika pamene pali TV, wailesi kapena filiji, n'kuikapo kuseri kwa dzanja, mutu ataupendeketsa ngati mayi amene akumva kutentha kwa thupi la mwana. Kenako ankatembenuka atatong'ola maso.

"Kodi ichi chikupumira pati?"

Moni ankabwera pambuyo, akakumbukira.

Mayi Elube, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Menlo Park, adalandira funso limeneli tsiku loyamba lenileni kuonana nawo. TV yawo yatsopano adali ataifunditsa kansalu koluka okha, pamwamba ataikapo maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha ana. Che Selemani adachotsa zonsezo chimodzichimodzi n'kuwapatsira m'manja eni ake.

"Amayi, wina atakufunditsani bulangete masana ano, n'kukukhalaninso pamutu, mungaimbe nyimbo?"

"Bambo inu, ndinu ndani?" adafunsa Mayi Elube, maluwa ali m'manja.

"Ndi anzanga awa," adatero Zakeyu, amene adabwera nawo, akuyang'ana pansi. "Pepani. Sachitira dala. Ndi mmene alili."

Mawu amenewo Zakeyu adawanena kwa zaka zisanu ndi zinayi. Iye adali wa ku Dedza, munthu wamfupi, wofatsa, wosamalira maluwa pa nyumba ina ku Menlo Park komweko. Che Selemani adali a ku Machinga, aatali, a ndevu zamangamanga, ndipo kapu yawo yoyera sinkachoka kumutu. Awiriwa ankagona chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wina ku Silverton, wina akupemphera chogwada moyang'ana kukhoma, mnzake akuwerenga Baibulo pabedi, osakangana. Mikangano yawo yonse idali ya kutentha.

Che Selemani adafika ku Joni mu 1996 n'kuyamba ntchito yosesa m'wekishopu ina yolumikiza makompyuta. Ankasesa akuyang'ana. Patatha zaka zitatu tsache adapatsira wina, iwo n'kukhala pabenchi ndi sikuludiraiva. Kwawo adasiya mwana mmodzi wamkazi, Safiya, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sadamuonenso, chifukwa pasipoti yawo idatha ntchito kalekale. Akadatuluka sakadalowanso.

Safiya atakula adaphunzira kutaipa ku Liwonde. Bambo ake adamutumizira kompyuta yaikulu, sikirini ndi makina osindikizira, zonse pa ngolo ya basi. Kompyutayo idafika itatiphwa mbali imodzi, pamwamba pake patagona njinga ziwiri ndi chitofu cha munthu wina. Idagwirabe ntchito mpaka Okutobala. Kenako padafika kalata: "Ababa, yazima masana. Inayamba yanunkha ngati pulasitiki yopserera. Chikwangwani ndinalembetsa kale pakhomo chakuti timataipa makalata, ndipo anthu akamadutsa amandifunsa kuti ndikutaipa ndi zala pansi kodi."

Kalatayo Che Selemani adaiwerenga katatu ataimirira.

"Ndinatumiza mwana wa ku Pretoria kuti akakhale ku Liwonde," adatero. "Ndalakwa ndine. Ndimanga ina. Iyo siiphwanyika panjira, ndipo Okutobala idzamuona n'kumudutsa."

Lamlungu lotsatira Zakeyu adavala suti yake ya kutchalitchi. Che Selemani adamuuza kuti ayambe wakhala pampando. Adagwada, adatulutsa tepi, n'kuyamba kumuyeza ntchafu kuchokera pamimba kufika pabondo.

"Che Selemani! Mukundiyeza bokosi? Mwamva chiyani?"

"Phatikizani miyendo, achimwene."

"Ine ndili bwinobwino ine!"

"Masentimita makumi atatu ndi awiri. Eish. Mulungu sadakupatseni malo ambiri." Adalemba pachikhatho. "Katundu wa pa ngolo amafika maliro. Chofika chamoyo ndi chimene munthu wachifungata. Inu mumapita kwathu Disembala aliyense, ndiye kompyutayi ikwane apa. Mimbayi musaonjezere."

Zakeyu adapita kutchalitchi, koma ulaliki sadaumve.

Nthawi imeneyo kuwekishopu kudali kutayamba kubwera timabolodi tating'ono, toti munthu n'kuphimba ndi zikhatho ziwiri. Bolodi ndiye thabwa lobiriwira lija limene zonse za m'kompyuta zimamangirirapo. Che Selemani adatenga kamodzi, n'kukapezera nyumba: chitini cha mabisiketi cha makona anayi, chojambulidwa amphaka awiri. Anyamata a ku yunivesite ku Hatfield, amene ankawabweretsera makina awo Loweruka, adawauza kuti aikemo purosesa, ubongo wa kompyuta, yothamanga imene idangotuluka kumene.

"Yothamanga imatuluka thukuta," adayankha. "Mwana wanga akulemba makalata ofunsira ntchito. Sakuyendetsa ndege."

Adasankha yofatsa. Bokosi la magetsi limene limakhala m'kati mwa kompyuta iliyonse adalikana, n'kupeza lina lokhala kunja, pa nthambo.

"Khitchini timamangira panja chifukwa chiyani?" Che Selemani adamufunsa Zakeyu.

Vuto lidabwera ndi chitsulo cha mano ngati chipeso chimene chimakhala pamwamba pa purosesa kuti chizikoka kutentha. Chidatalika pang'ono, mwina ngati machesi awiri ogonekedwa pamodzi, moti chivundikiro chidakana kutseka. Munthu wina aliyense akadafuna chitini chachitaliko. Che Selemani adagula tupa. Kwa milungu itatu adapala mano aja limodzilimodzi atakhala pakhomo, ndipo Zakeyu ankapeza tinthu tonyezimira m'tiyi, m'sopo, ngakhale m'Baibulo pa buku la Yobu.

"Ndikamwalira akadzanditsegula adzapeza poto m'mimbamu," adadandaula.

"Poto ndi katundu wabwino," adatero Che Selemani osadzutsa mutu.

Mwini wekishopu, mzungu wamtali amene antchito ankangomutchula kuti Oubaas, adawapeza tsiku lina akung'amba nthambo yatsopano ndi lezala. Nthambo za masiku amenewo zidali zotambalala ngati lamba, ndipo iwo ankazilekanitsa m'litali, mosamala, kenako n'kuzimanga pamodzi kuti zikhale zobulungira ngati chingwe. Oubaas adagwira m'mutu ndi manja onse awiri.

"Bwana, lamba uyu ali ngati nsalu yotchinga pakhomo. Mphepo ikafika apa imabwerera."

"Ukadula kawaya kamodzi kokha, yatha!"

"Ndiye musandilankhulitse."

Oubaas adatuluka chonyang'ama, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono ngati muli wodwala.

Mafani ang'onoang'ono adawayesa anayi n'kuwataya. Adati amalira ngati udzudzu koma mphepo yake singazimitse ndi kandulo yomwe. Adasankha imodzi yaikulu yozungulira modekha, n'kuiboolera malo m'mbali mwa chitini, moti mphaka mmodzi adatsala wopanda mutu. Kenako adafuna kuona ndi maso mmene mphepo ikuyendera m'katimo. Zakeyu pobwera kuntchito adapeza chithunzi cha ukwati wake chili pabedi chopanda galasi. Galasilo lidali pamwamba pa chitini m'malo mwa chivundikiro, ndipo Che Selemani adali atayatsa lubani pafupi ndi fani, nkhope ataigunditsa, akutsatira utsi.

"Galasi la ukwati wanga!"

"Akazi anu sathawa. Gwirani lubaniyu apa. Osagwedeza."

Disembala woyamba adafika. Zakeyu adalongedza, adakhala pampando, adaphatikiza miyendo.

"Sinakonzeke," adatero Che Selemani. "Sinaonepo fumbi."

Fumbi la ku Liwonde ankalidziwa. Adayesa kutchinga pafani ndi neti ya udzudzu, koma mabowo ake adakula. Adayesa mpango, mphepo idakanika kudutsa. Yankho adalipeza Loweruka lina pamalo okwerera matakisi ku Hatfield, anthu ali piringupiringu, Amalawi ambiri ali pamzere. Adawaona Mayi Elube chapatali n'kufuula.

"Amayi! Masokosi aatali aja a amadamu anu, opyapyala aja ofika m'chiuno, akatha amataya kuti?"

Mzere wonse udatembenuka. Mayi wina adatseka pakamwa ndi chikwama.

"Che Selemani!" adatero Mayi Elube. "Munthu wamkulu! Munthu wosaphonya Jumu kumzikiti!"

"Sindikufuna onse. Mwendo umodzi wokha."

"Zakeyu, atengeni anzanuwa!"

"Pepani. Sachitira dala," adatero Zakeyu, akulakalaka phula litang'ambika kuti alowemo.

Nkhaniyi idafika kumzikiti isanakwane sabata, ndipo akuluakulu adatuma Che Adamu, mkulu wogulitsa nsalu, kuti akafufuze mwakachetechete. Che Adamu adabwerako atagwira lubani kwa ola lathunthu, maso ali psuu, n'kukanena kuti munthuyo alibe tchimo, kungoti akufunika mapemphero. Koma Lolemba Mayi Elube adatumiza kaphukusi kokulungidwa m'manyuzipepala atatu, ndi uthenga wakuti asadzawatchulenso dzina pagulu.

Chotsatira chidali kutentha. Lamlungu lina la Januwale, dzuwa lili paliwombo, Zakeyu adabwera kuchokera kutchalitchi n'kupeza zenera latsekedwa, m'mipata mwatsekedwa ndi matawulo, hita yayatsidwa, madzi akuwira pachitofu. Atangolowa, Che Selemani adakhoma chitseko.

"Takulandirani ku Liwonde."

Zakeyu ndi munthu wobadwira m'nkhungu, woti Juni wa ku Pretoria ankamuyenda atavala malaya okha. Adapirira mphindi makumi awiri, kenako adayamba kuona agogo ake amene adamwalira kalekale akumukodola pakona. Mwininyumba ataona nthunzi ndi utsi zikutuluka pansi pa chitseko adabwera ndi ndowa ya madzi akukuwa. Adawauza kuti akadzabwerezanso, Liwonde wawoyo akamupange kumsewu.

Disembala wachiwiri adadutsanso. Safiya ankalemba makalata aafupi, osadandaula, ongonena kuti sikirini ndi makina osindikizira akadali pansi pa chitenje. Zakeyu sadapirire.

"Che Selemani, mwanayu akalamba akudikira. Tumizani momwemo."

"Ndinamuchititsa manyazi kamodzi," adayankha motsitsa mawu. "Kachiwiri ayi."

Kuntchito kwa Zakeyu kudali kanyumba ka magalasi okhaokha kolereramo maluwa osakonda kuzizira. Masana a Febuluwale, zitseko zake zikatsekedwa, munthu sankatha kuimamo. Che Selemani atamva zimenezi adasiya kudya. Lachinayi, tsiku limene amadamu a panyumbapo ankapita kukakonzetsa tsitsi, adatulukira pageti atakumbatira chitini, nthambo yaitali ili paphewa.

"Mundichotsetsa ntchito!"

"Maola atatu okha. Maluwa saulula."

Adaiyatsa pakati pa maluwa. Kagetsi kobiriwira kadayaka, fani idazungulira. Patatha mphindi makumi anayi kagetsi kaja kadazima.

Che Selemani adakhudza chitinicho ndi kuseri kwa dzanja. Thukuta linkatsika m'ndevu n'kumagwera pamkanjo. Adadikira kuti izizire, adaikanso galasi la ukwati lija, adayatsa lubani, n'kugwada. Adayang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, taonani. Mphepo ikulowa bwino, ikutuluka bwino. Koma ikudutsa mumsewu, sikulowa m'nyumba. Chipesochi sikuchikhudza n'komwe."

Adamwazamwaza maso. Pashelefu padali kabokosi ka masamba a tiyi a Zakeyu. Adakhuthulira masambawo m'thumba la mwini wake, adang'amba katoniyo, adaipinda kawiri, n'kuilowetsa kuchokera pafani kufika pachipeso ngati ngalande. Utsi udatsata ngalandeyo mwaulemu n'kudutsa pakati pa mano onse. Chivundikiro chidavuta kutseka, koma atakanikiza pakona chidalola. Ola loyamba lidatha kagetsi kali kuyaka. Lachiwiri lidathanso.

Mkati mwa ola lachitatu amadamu adabwera msanga. Adatsegula chitseko cha kanyumba kawo n'kupeza mkulu wandevu, wonyowa ngati wavuuka m'madzi, atagwada m'kati mwa utsi kutsogolo kwa chitini cha mabisiketi chovala sokosi ya mzimayi. Adakuwa mpaka agalu a nyumba zitatu adayankha.

"Tsekani chitseko!" adakuwanso Che Selemani. "Mukulowetsa kuzizira!"

Ndipo amadamu, chifukwa cha mantha, adatseka, iwo ali m'kati. Tsitsi limene adangokonzetsa kumene lidagona pansi Zakeyu asanamalize kufotokoza. Atamva za Safiya adatuluka, n'kubwerako ndi jagi ya madzi ozizira. Che Selemani adamwa, adathokoza, adapempha kusamba m'manja kukhitchini, ndipo Zakeyu adangomva filiji ikukokedwa kuichotsa kukhoma.

Tsiku limenelo pobwerera adayenda pang'onopang'ono, chitini chili pachifuwa.

"Chaka chino ipita," adatero.

Idapitadi, koma iwo sadaiperekeze ngakhale kukwerero la basi. Munthu amene adatha zaka akulimbana ndi kutentha adagonja ndi kuzizira. Chifuwa chidawagwira mu Juni, iwo n'kumati ndi utsi wa lubani. Mu Julayi adagonekedwa kuchipatala ndi chibayo. Zakeyu adakawaona Lamlungu masana, n'kuwapeza atachepa pabedi, kapu ili pambali.

"Pamiyendo, achimwene," adanong'ona. "Osati pansi. Osati pashelefu ya basi. Ndipo asatsegule munthu."

"Mukapereka nokha."

"Musandinamize, ndinu munthu wa tchalitchi."

Lachiwiri adatisiya. Abale awo achisilamu adawaika tsiku lotsatira ku Pretoria konkuno, monga mwa mwambo wawo. Thupi silidapite kwawo. Chotsala choti chipite chidali chitini chija.

Mu Disembala Zakeyu adachifungata. Masiku awiri m'basi sadachitule, ngakhale potsika kukadzithandiza. Adadutsa chipata choyamba cha m'malire, adadutsa chachiwiri. Pa chipata china wofufuza katundu adachinyamula, adachitembenuza, adanunkhiza, n'kuyang'ana sokosi ija, kenako Zakeyu.

"Mabisiketi ake ati olumikiza kumagetsi? Tsegula."

"Bwana, mwini wake anati asatsegule munthu."

"Mwini wake ali kuti?"

"Anamwalira."

Anthu amene adali pafupi adabwerera m'mbuyo. Wofufuzayo adaitana anzake awiri, ndipo adamuuza Zakeyu kuti atulutse chilichonse n'kuyala patebulo. Adayang'ana, adakhutira kuti sichiphulika, n'kumuuza kuti alongedze achoke. Panja dalaivala adali atayamba kale kuliza hutala.

Zakeyu adayang'ana patebulo paja. Zinthu zimene zidatuluka m'chitini zinkaoneka zoti sizingakwane ndi m'ndowa momwe. Iye adali munthu wa khasu ndi mpaipi. Adalowetsa bolodi, idakana. Adaitembenuza, idakananso.

"Ponyani m'jumbo, bambo, tizipita!" adakuwa wina.

Adatseka maso. Zaka ziwiri adali atagwira lubani akudandaula, koma maso ake ankaona. Hadi, kabokosi kosunga zolembedwa, ndiyo inkayamba, itagona chammbali. Nthambo zinkadutsa pansi. Bolodi inkalowa chopendekeka, kona ya kumanzere patsogolo. Fani pamapeto. Manja ake adachita zonsezo okha. Zotsala patebulo, mapepala ndi timapulasitiki, adazikokolera m'kathumba ka m'mbali mwa chikwama. Adaika chivundikiro, ndipo chidatseka mosavuta, mosavuta kuposa mmene chinkawatsekera eni ake. Adakwera basi akudzimva kuti ndi injiniya.

Safiya adali wamtali ngati bambo ake, wosachuluka mawu. Adavundukula chitenje, adalumikiza nthambo, adadina. Sikirini idawala. Adakhala pansi n'kuyendetsa chala pamphepete pa bowo la fani, pamene tupa adasiya zipsera, ndipo Zakeyu adatuluka kukayang'ana mbuzi za eni ake. Potsanzikana adabwereza lamulo lija: asatsegule munthu.

Atabwerera ku Silverton adapeza kuti chipinda chakula. Loweruka anyamata a ku Hatfield ankabwerabe atanyamula makina awo, n'kuima pakhomo, n'kubwerera nawo atamva za imfayo. Oubaas adalemba munthu wina wa masatifiketi, wogwira ntchito mwachangu, wosalankhula ndi chinthu chilichonse. M'nyumba za Amalawi alendo ankalowa, kupereka moni, kukhala pansi, zonse mwadongosolo, ndipo macheza ankatha msanga. Zakeyu adazindikira kuti kupepesera mnzake kuja idali ntchito, ndipo tsopano adali lova. Ankafika pamaphwando n'kusowa chonena.

Mu Seputembala Mayi Elube adabwera kudzabwereka chikwama cha Zakeyu chija, chifukwa ankapita kwawo ku Balaka kukaona mayi awo. Adachigwedeza pakhomo kuti achotse zinyalala. Mudagwa tikiti yakale, timapulasitiki, ndi kakatoni ka tiyi kopindidwa kawiri. Adakatola kuti akataye.

"Imani!"

Mayi Elube adalumpha. Zakeyu adali ataimirira, kapu ya tiyi itagubuduzika pansi, pakamwa pali yasa.

"N'chifukwa chake chidatseka mosavuta," adatero. "Mayo ine. Ndamupha mwana uja. Lero ndi pa chiyani?"

"Pa twente-fayifi. Zakeyu, ndi katoni iyi."

"Okutobala ndi sabata ya mawa!"

Adakakulunga kakatoniko m'mpango, mpangowo m'jumbo, jumboyo m'jumbo ina. Adagwada pamaso pa Mayi Elube, chinthu chimene sadachitepo ndi pofunsira mbeta pomwe, kuwapempha kuti asatsikire ku Balaka koma apitirire mpaka ku Liwonde.

"Anzanu aja anandivula ulemu pa matakisi ali moyo," adatero mayiwo. "Tsopano ali kumanda akundiyendetsa dziko lonse ndi chinyalala." Adakaika m'bulauzi. "Apa sipafika wofufuza."

Patatha masiku anayi Zakeyu adalowa m'kontena ya mafoni pafupi ndi msika, n'kuimba nambala ya mwini golosale woyandikana ndi Safiya.

"Ankolo, kafika. Koma munati asatsegule munthu."

"Iwe si munthu wamba, ndiwe mwini wake. Tsegula. Ukuona chitsulo chonga chipeso? Mbali yotambalala ya katoniyo igunde fani, yopapatiza ivale chipesocho. Zilembo ziyang'ane kumwamba."

Kudamveka kukhwekhwereza kwa chitini, kenako kupuma.

"Ankolo, chivundikiro chikukana."

Zakeyu adaseka koyamba chimwalirire mnzake, mpaka mayi woyang'anira mafoni adasuzumira.

"Ndiye kuti waika bwino! Kanikiza pakona ya mphaka wopanda mutu."

Kenako padalibenso chochita koma kudikira. Mwezi wonsewo Zakeyu ankathirira maluwa akuyang'ana kumpoto. Aliyense wochokera kumudzi ankamufunsa za nyengo asanamufunse za maliro. Onse ankanena zofanana, kuti chaka chino kwatentha moti ndi akuluakulu omwe akudabwa.

Loweruka lomaliza la Okutobala adadikira kuti ikwane thu koloko masana, nthawi imene yoyamba ija idazimira, n'kupitanso kukontena. Pamzere padali anthu asanu ndi mmodzi. Itafika nthawi yake adalakwitsa nambala kawiri.

"Safiya, kuli bwanji kumeneko?"

"Kuno kwapsa, Ankolo. Nkhuku zangoyasamula pansi pa ngolo. Mwini golosale watseka, wakagona pansi pa mtengo, foni wandisiyira."

"Nanga... iyo?"

"Chiyatsireni seveni koloko. Ndili pa kalata ya khumi ndi chinayi, panja pali anthu atatu akudikira."

Zakeyu adatsamira khoma la kontena. Adafuna kunena zambiri, koma zonse zidali za munthu wina.

"Taika foniyo pafupi ndi fani yake," adatero.

Kudamveka kugunda pang'ono, kenako phokoso la msika wa ku Liwonde chapatali, belu la njinga, mwana akulira. Pansi pa zonsezo padali kaphokoso kena kotsika, kosathamanga, kosadukiza. Zakeyu adatseka khutu linalo ndi chala.

Mzere kumbuyo kwake udayamba kung'ung'udza. Mayi wa mafoni adagogoda pathabwa.

"Baba, anthu akudikira. Ngati kulibe munthu kumeneko, dulani."

Zakeyu adakweza dzanja osatembenuka.

"Alipo," adatero. "Ndisiyeni pang'ono."